Vavu Yokakamira pa Silinda Nambala 2: Lipoti la Injini Yomwe Inkanjenjemera M'mawa

Ndege yomwe ndikufotokoza pano ndi Cessna 172M ya sukulu ina yophunzitsa kuyendetsa ndege. Injini yake ndi Lycoming O-320-E2D ya masilinda anayi, ya kabuleta, mphamvu zake 150 hp. Pomwe vuto linkayamba n'kuti itayenda maola 1,140 chiiphwasulireni yonse, ndipo opanga amaipatsa maola 2,000 isanaphwasulidwenso. Pa mwezi inkauluka maola 50 kapena kuposerapo, ambiri mwa iwo ozungulira bwalo: kunyamuka, kutera, kunyamukanso, tsiku lonse. Bwalo lomwe imakhala lili pamalo okwera mafiti pafupifupi 3,800, moti masana kukatentha mpweya umapepuka ngati ndege ili pa mafiti 6,000. M'kati munalibe geji ya kutentha kwa mitu ya masilinda. Munali geji imodzi ya EGT, yoyeza kutentha kwa utsi, koma inali itafa kalekale. Ine n'kuti ndangotha miyezi isanu ndikusamalira ndege za sukuluyi.

Ndiyambe ndi mafuta, chifukwa nkhani yonseyi yatsamira pamenepo. Injini ya mtundu uwu anaipanga kuti izimwa mafuta a 80/87, omwe mtovu wake sunkapitirira magalamu 0.14 pa lita. Mafuta amenewo anasowa pamsika, ndipo lero timathira 100LL, omwe amaloledwa kukhala ndi mtovu mpaka magalamu 0.56 pa lita, kuchulukitsa kanayi. Mtovuwo amauika kuti mafuta asaphulike mosalongosoka m'mainjini opanikiza kwambiri, koma O-320-E2D imapanikiza pang'ono, 7 kwa 1, ndipo siufuna wochuluka chonchi. M'mafutamo amasakanizanso mankhwala a ethylene dibromide kuti azigwira mtovu n'kutuluka nawo limodzi ndi utsi. Mankhwalawa amagwira bwino ntchito moto wa m'silinda ukakhala wotentha mokwanira. Moto ukazizira, mtovu umatsalira: pa mapulagi, pamwamba pa pisitoni, mu oyilo, ndi pa tsinde la vavu ya utsi.

Chizindikiro choyamba

Mlangizi wina analemba m'buku la zovuta kuti injini ikunjenjemera ikangolizidwa m'mawa, koma imasiya pakatha mphindi imodzi kapena ziwiri. Ine ndinafika cha m'ma 10 koloko, ndege itauluka kale kamodzi. Ndinaiiliza, inalira bwinobwino. Pa 1,700 rpm (maulendo omwe injini imazungulira pa mphindi) ndinayesa magineto onse awiri, zipangizo zopereka moto ku mapulagi: rpm inatsika mosapitirira 125 yomwe buku la ndegeyi limalola, ndipo awiriwo sanasiyane kupitirira 50. Nditamasula mapulagi apansi, onse anayi anali odzaza timibulu ta mtovu, tina tatsala pang'ono kulumikiza mano a pulagi. Ndinawatsuka, kuwayeza, kuwasinthanitsa malo monga mwa lamulo, n'kusainira kuti ndege ikhoza kuuluka.

Mapulagiwo analidi akuda, ndipo kuwatsuka sikunali kulakwa. Kulakwa kwanga kunali kuleka kufunafuna nditangopeza chinthu choyamba chooneka ngati yankho. Mapulagi a injini iyi, ikamamwa 100LL pa ntchito yophunzitsa, amakhala ndi mtovu nthawi iliyonse yomwe ungawamasule. Kuwapeza akuda sikukuuza kuti ndiwo akunjenjemeretsa injini.

Patadutsa maola 20, dandaulo lomwe lija linabweranso, kuchokera kwa mlangizi wina. Ulendo uno ndinayeza kompulesheni. Ndinatenthetsa injini kaye monga timachitira nthawi zonse, ndipo masilinda anaonetsa 74, 76, 73 ndi 75 pa 80. Manambala osangalatsa. Ndinayang'ana ngati primer, kapampu kopopera mafuta poliza injini, ikudontheza mafuta, ndinafufuza ngati mapaipi olowetsa mpweya akuyamwa mpweya m'mbali, sindinapeze kanthu. Ndinatsukanso mapulagi n'kusainanso.

Funso limodzi lokha likanandiongola tsiku limenelo, koma sindinafunse: ikamanjenjemera, mukatembenuza kiyi kupita pa L kenako pa R, chimasintha n'chiyani? Silinda iliyonse ili ndi mapulagi awiri, iliyonse ndi magineto ake. Pulagi imodzi ikafa, injini imavuta pa magineto amodzi n'kumalira bwino pa enawo. Koma vavu ikakakamira, silinda yonse imafa, ndipo kaya muike pa L, pa R kapena pa BOTH, kunjenjemera kumakhala komweko. Alangizi aja atandiuza pambuyo pake kuti kiyi sinkasintha kanthu, ndinadziwa kuti yankho linali m'manja mwawo kuyambira sabata yoyamba, ine ndiye sindinalipemphe.

Kuyeza kompulesheni injini ili yotentha nakonso sikukanaonetsa vutoli. Mpata wa pakati pa tsinde la vavu ndi gayidi yomwe limayendamo ndi waung'ono zedi, wosakwana kunenepa kwa tsitsi ziwiri. Zotsalira zikamamatirira pamenepo, mpatawo umatha pang'onopang'ono. Injini ikazizira usiku, mutu wa silinda, womwe ndi wa aluminiyamu, umafinya gayidi ndipo vavu imagwidwa. Mukailiza m'mawa, vavu ija imayenda mokakamira kapena imatsalira yotseguka pang'ono, silinda siiyaka. Pakatha mphindi ziwiri mutu watentha, wafufuma, gayidi yamasuka, zonse zabwerera m'malo. Olankhula Chingerezi amatcha zimenezi morning sickness. Ine ndinkafika dzuwa litakwera, wodwala atadzuka kale, n'kumamuyeza ali pabwino.

Tsiku lomwe inakana kumasuka

Patapita maola ena 11, mlangizi ndi wophunzira wake ankazungulira bwalo. Atatera kachitatu n'kunyamukanso, ali pa mafiti ngati 400 kuchokera pansi, injini inagwedezeka mwamphamvu ndipo rpm inatsika kuchoka pa 2,350 kufika cha m'ma 2,000. Mlangizi analanda chiwongolero, anatsitsa mphuno kuti liwiro lisathe, anazungulira pafupi n'kutera bwinobwino. Masilinda atatu anawakwanira chifukwa analimo awiri okha ndipo matanki sanali odzaza. Kukanakhala anthu anayi masana otentha, sindikhulupirira kuti ndege ikanapitiriza kukwera.

Nditafika ndinaona oyilo atayenderera kumanzere kwa chivundikiro cha injini. Titachotsa chivundikirocho panalibenso zofunafuna. Pa mainjini a Lycoming camshaft, chitsulo chozungulira chomwe chimatsegula mavavu, imakhala pamwamba pa crankshaft, yomwe mapisitoni amazungulitsa, choncho ma pushrod, ndodo zokankha mavavu, amadutsa pamwamba pa masilinda, poonekera. Paipi yomwe imakuta pushrod ya vavu ya utsi pa silinda 2, yakutsogolo kumanzere, inali itapindika, ndipo oyilo ankatulukira pomwe labala inasunthika. Pushrod yake inatuluka yopindika ngati uta. Vavuyo inali itakakamira yotseka. Ndinaigogoda ndi hamala yapulasitiki, sinasunthe ngakhale pang'ono.

Mmene ndikuonera, zinayenda chonchi. Potsikira kudzatera, throttle, yoonjezera mphamvu ya injini, inali yotseka, mixture, yotchera kuchuluka kwa mafuta mu mpweya, ili yonse m'kati pomwe mafuta amachuluka, ndipo silinda yakutsogolo, yomwe imalandira mphepo yoyamba, inazizira kwambiri. Gayidi inafinya tsinde lomwe linali kale lodzaza zotsalira. Atatsegula throttle yonse, mutu wa vavu ndi tsinde lake zinatentha msanga kuposa mutu wa silinda, tsinde linafufuma m'gayidi yofinyika, n'kugwidwa. Camshaft siidziwa kuti vavu yakana. Imakankhabe, ndipo chomwe chili chofewa panjirapo ndicho chimagonja. Tinachita mwayi kuti chinali pushrod. Vavu ikakakamira yotseguka, pamakhala ngozi yoti pisitoni iigunde, ndipo pamenepo nkhani imakhala ina.

Kuchotsa silinda kapena kukonzera pomwepo

Mwini sukulu ankafuna ndege ibwerere pa ntchito msanga, ndipo ndinamumvetsa, chifukwa ndege yophunzitsira ikakhala pansi ophunzira amabalalika. Anali atamva kuti gayidi ikhoza kupalidwa silinda ili pamalo pake, tsiku limodzi n'kutha. Zimenezo n'zoona, ndipo Lycoming inalemba njira yake mu Service Instruction 1425. Koma ndinakana kuchita zimenezo pa silinda 2. Mphamvu yomwe inapinda pushrod inadutsanso pa tappet, kachitsulo ka pakati pa pushrod ndi camshaft, ndi pa camshaft yomwe, ndipo pa injini iyi palibe njira ina yoonera ziwirizi ndi maso kupatula kuchotsa silinda n'kusuzumira m'kati. Ndinawauza kuti, "Bwana, ndasainira ndegeyi kawiri ndisanaone chomwe ndinkayenera kuona. Kachitatu sindisaina ndisanaone camshaft." Anavomera.

Titachotsa silinda, nkhope ya tappet ndi msana wa camshaft zinali zosalala, zopanda mabala. M'kasefa ka oyilo simunapezeke zitsulo. Ndinasinthabe kachipangizo ka m'kati mwa tappet komwe kamagwira ntchito ndi oyilo, popeza kanalandira nkhonya yomwe sikanapangidwire. Rocker, kamkono komwe pushrod imakankha kuti vavu itseguke, tinaiyeza ngati ili ndi mng'alu, inalibe. Silindayo inapita kwa okonza masilinda kuti akaike gayidi ndi vavu zatsopano, ndipo ndinawapempha andibwezere vavu yakale.

Vavu imeneyo ndinaiyang'anitsitsa nthawi yaitali. Kumunsi kwa tsinde, pomwe limalowa ndi kutuluka m'gayidi n'kumakumana ndi utsi, kunali chikhungwa cholimba, chotuwa mofiirira, chosachoka ndi chikhadabo ngakhale ndi mankhwala otsukira. Pakati pa akatswiri pali kusiyana maganizo pa za zotsalirazi. Ena amati ndi oyilo wopserera chifukwa cha kutentha kwambiri. Ena amati ndi mtovu womwe umaundana pa tsinde likakhala lozizira kuposa mmene liyenera kukhalira. Ndikuganiza kuti zonse ziwiri zimachitika, malinga ndi ndege ndi kayendetsedwe kake. Pa helikopita yomwe imayandama malo amodzi nthawi yaitali ndingayambe kukayikira kutentha. Koma apa zizindikiro zinkaloza kumodzi: silinda yozizira kuposa zonse, mapulagi odzaza mtovu, ndi chikhungwa chomwe sichinali chakuda ngati makala a oyilo. Tikumbukenso kuti mavavu ambiri a utsi a Lycoming amakhala ndi sodium m'kati mwa tsinde, yomwe imanyamula kutentha kuchoka kumutu wa vavu kupita ku gayidi. Mutu wa vavu umatetezeka, koma ndiye kuti zomwe zikuchitika pakati pa tsinde ndi gayidi ziyenera kuyang'aniridwa mosamala.

Masilinda atatu otsala

Lycoming ili ndi Service Bulletin 388C, yomwe imafotokoza kayezedwe ka mpata wa vavu ya utsi m'gayidi yake. Mumachotsa sipuling'i, n'kugwedeza nsonga ya tsinde uku ndi uku pogwiritsa ntchito geji, kenako kuyerekeza ndi malire olembedwa pa tebulo la injini yanu. Ikagwedera pang'ono kwambiri, gayidi yadzaza ndipo vavu yatsala pang'ono kukakamira. Ikagwedera mopitirira, gayidi yadyeka ndipo vavu ikupita kukapsa. Pa ndege za mapiko, kuyeza kumeneku kumayenera kuchitika maola 400 aliwonse, pokhapokha ngati masilinda ali ndi magayidi a mtundu watsopano omwe anapatsidwa nthawi yotalikirapo, komanso nthawi iliyonse yomwe mukukayikira kuti vavu ikukakamira. Ndinafufuza buku la injini kuyambira pomwe inaphwasulidwa. Pa maola 1,171 onsewo, palibe paliponse pomwe panalembedwa kuti kuyezaku kunachitika. Inenso polandira ndegeyi ndinawerenga bukulo, koma ndinkayang'ana zolembedwa, osadzifunsa kuti chosalembedwa n'chiti.

Nditayeza atatu otsalawo, silinda 3 inali pakati pa malire. Silinda 1 inali pansi pa malire, moti kuti vavu iyende ndinkachita kuikankha ndi chala mwamphamvu. Silinda 4 inali m'malire koma m'mphepete. Ndinaganiza zopala 1 ndi 4 zili pamalo pake, popeza ma pushrod ake anali owongoka, ndinawagubuduza pagalasi kuti nditsimikize, ndipo panalibe chifukwa chokayikira camshaft.

Kwa amene sanachitepo ntchitoyi, ndi ya manja odekha. Mumachotsa mapulagi onse awiri ndi rocker, mumatsitsa pisitoni, n'kulowetsa chingwe chofewa m'silinda kudzera pa bowo la pulagi, nsonga imodzi itatsala kunja. Mukazungulitsa pulopela pang'onopang'ono, pisitoni imafinyira chingwe ku mavavu n'kuwagwira otseka. Pamenepo mukhoza kufinya sipuling'i n'kuchotsa tizitsulo tomwe timaigwira. Kenako mumabweza pisitoni, kutulutsa chingwe, n'kukankhira vavu m'kati mwa silinda, mutaigwira kuti isagwere pakhoma. Gayidi ikakhala yopanda kanthu, mumalowetsa reamer, chida chopalira m'bowo, ya muyeso wa gayidiyo, yopakidwa girisi kuti zopalidwa zimamatire kwa iyo. Mumaizungulitsa ndi dzanja, mbali imodzi yokha, polowa ndi potuluka pomwe. Cholinga ndi kuchotsa chikhungwa osati chitsulo, ndipo mukaona zonyezimira za chitsulo pa girisi ndiye kuti mwalakwitsa muyeso kapena mwapendeketsa. Tsinde la vavu mumalitulutsira pa bowo la pulagi n'kulipukuta mpaka lisalale. Chovuta kuposa zonse ndi kulibwezera m'gayidi. Silinda 1 inanditengera mphindi 40 pa gawo lokhali, ndi nyali, maginito ndi kawaya kokowera. Ukapsa mtima umakanda khoma la silinda. Pomaliza ndinayezanso kugwedera, ndi mpata wa rocker, tappet ili yopanda oyilo, womwe pa injini iyi uyenera kukhala pakati pa 0.028 ndi 0.080 ya inchi.

Chifukwa chake chinali m'manja mwa oyendetsa, ndi mwathu

Kukonza kukanathera pamenepa, vuto likanabwerera. Ndinapempha kukhala pansi ndi alangizi onse anayi, ndipo ndinawafunsa kuti andifotokozere zomwe dzanja lawo limachita ndi mixture, kachogwirira kofiira kaja, kuyambira poliza injini mpaka poizimitsa. Yankho linali limodzi. Sakakhudza. Lamulo la pasukulupo, losalembedwa koma lodziwika ndi aliyense, linali lakuti pansi pa mafiti 5,000 mixture imakhala yonse m'kati. Popeza maphunziro ambiri ankachitikira pakati pa mafiti 4,500 ndi 5,500 pa geji, injini inkakhala moyo wake wonse ikumwa mafuta ochuluka kuposa mpweya womwe inkapeza. Mlangizi wamkulu, bambo wodziwa ntchito yemwe ndimamulemekeza, anati anaphunzitsidwa kuti kuchepetsa mafuta kumaotcha mavavu, ndipo kuli bwino kuononga mafuta kusiyana ndi kuononga injini.

Nambala ya 5,000 sinachoke m'mutu mwa munthu. Ili m'malangizo a Lycoming, mu Service Instruction 1094, koma ikunena za nthawi yomwe injini ili pa mphamvu zonse, ponyamuka ndi pokwera, ndipo mafiti akewo ndi owerengera kupepuka kwa mpweya, osati omwe geji ikuonetsa. Malangizo omwewo amalola kuchepetsa mafuta pa mtunda uliwonse ndege ikamayenda mopingasa pa mphamvu zosapitirira 75 peresenti. Buku la Cessna nalonso limati ponyamuka pa bwalo lokwera kuposa mafiti 3,000, mixture ichepetsedwe mpaka rpm ifike pamwamba. Mantha a mlangizi wamkulu ali ndi maziko: kuchepetsa mafuta injini ikukoka ndi mphamvu zonse pamalo otsika kungatenthetse masilinda n'kubweretsa kuphulika kosalongosoka. Koma pansi, injini ikungolira pa 1,000 rpm, palibe mmene mungaiwonongere pochepetsa mafuta. Choipa chomwe chingachitike n'chakuti izima.

Nthawi ya pansi ndiyo inandidabwitsa. Wophunzira watsopano amatha mphindi 15 kapena 20 akuwerenga mndandanda, kudikira wailesi, kuyenda pang'onopang'ono kupita kumsewu wonyamukira, ndipo zonsezi injini ili pa 700 kapena 800 rpm ndi mixture yonse. Ndi moto wozizira kwambiri womwe injini ingakhale nawo, kasanu kapena kasanu ndi kamodzi pa tsiku.

Mbali yathu okonza inalinso ndi zake. Nditakoka mixture pang'onopang'ono injini ili pa idle, ikungolira throttle ili yotseka, rpm inakwera ndi 120 isanazime. Iyenera kukwera pang'ono chabe, osapitirira 50. Ndiye kuti kabuleta anali atatcheredwa ngati ndege ikukhala m'mphepete mwa nyanja yamchere. Chachiwiri, injiniyi inalibe fyuluta ya oyilo, inali ndi kasefa kawaya kokha, koma oyilo ankasinthidwa pa maola 50. Service Bulletin 480 imati maola 50 ndi a injini ya fyuluta, ya kasefa ndi maola 25, ndipo zonse zisapitirire miyezi inayi. Oyilo ankakhala nthawi yowirikiza kawiri atanyamula mtovu. Ine ndinapitiriza ndandanda yomwe ndinaipeza osaifufuza. Chachitatu, kachitsulo kotchinga mphepo kutsogolo kwa silinda 2 kanali katathyoka nthawi ina, wina anangokachotsa osaikapo kena.

Zomwe tinasintha, ndi pomwe tinapunthwa

Tinatchera idle mixture, tinabwezera kachitsulo kaja, tinaika fyuluta, ndipo ndinakakamira kuti tiike geji yoonetsa CHT, kutentha kwa mutu wa silinda, ndi EGT ya silinda iliyonse. Mwini sukulu anadandaula za mtengo, koma pushrod yopindika ija inali patebulo pake ndipo sitinakangane nthawi yaitali. Ndi alangizi tinalemba tsamba limodzi. Injini ikangolira n'kukhazikika, mixture ikokedwe, rpm ikhale pakati pa 1,000 ndi 1,200. Poyenda mopingasa pa 75 peresenti kapena kutsika, ikokedwe mpaka injini iyambe kukhosomola, kenako ibwezedwe mpaka ilire mosalala. Potsika asatseke throttle yonse akadali kutali, ndipo asakankhire mixture yonse m'kati nthawi imodzi, azibwezera pang'onopang'ono. Pozimitsa, atsate njira ya Lycoming: 1,000 mpaka 1,200 rpm kutentha kukhazikike, kenako 1,800 rpm kwa masekondi 15 mpaka 20, kubwerera pa 1,200 n'kuzimitsa ndi mixture.

Geji itaikidwa, ndinauluka ndi mlangizi wamkulu. Tinazungulira bwalo kawiri mwa njira yakale, kawiri mwa njira yatsopano. Mwa njira yakale, silinda 2 inkafika pansi ili pafupi ndi 250°F, ngakhale kachitsulo kaja katabwerera. Mwa yatsopano inkakhala pamwamba pa 300°F. Sanalankhule zambiri, koma tsiku lotsatira anali woyamba kuphunzitsa ophunzira ake zimenezi.

Sabata yachitatu tinapunthwa. Wophunzira wina anakoka mixture pang'ono chabe poyenda pansi, anaiwala kuitchera bwino asananyamuke, ndipo injini inavomera throttle yonse popanda kudandaula. Akukwera, mlangizi anaona silinda 3 ikudutsa 440°F, anakankhira mixture m'kati n'kutsitsa mphuno. Malire a injini iyi ndi 500°F, koma kuti ikhalitse Lycoming imalangiza kukhala pansi pa 435°F, ndipo ine ndimakonda kuona pansi pa 400°F. Ndinasuzumira m'masilinda ndi borescope, chida choonera m'kati kudzera pa bowo la pulagi, sindinapeze chizindikiro cha kuphulika kosalongosoka. Komabe ena anayamba kunena kuti njira yakale inali yabwino.

Vuto linali tsamba lomwe tinalemba. Tinangoti mixture ikokedwe, osanena kuti mpaka pati. Kukoka pang'ono poyenda pansi ndiko koopsa, chifukwa sikutenthetsa moto mokwanira kuchotsa mtovu, komanso kumalola ndege kunyamuka munthu ataiwala. Tinalembanso kuti pansi mixture ikokedwe mpaka rpm ikwere n'kuyamba kutsika, pomwe injini yatsala pang'ono kuzima. Ikakhala pamenepo, woiwala akatsegula throttle injini imakhosomola n'kukana, ndege ikadali pansi. Tinaonjezeranso mzere pa mndandanda wa musananyamuke, ndipo kutchera mixture yonyamukira pa bwalo lokwerali kunakhala phunziro lomwe wophunzira amasainiridwa asanauluke yekha.

Chinthu chomaliza chomwe ndinawapempha chinali chosavuta. Injini ikanjenjemera ikangolizidwa, ayang'ane geji kuti aone silinda yomwe EGT yake siikukwera, atembenuze kiyi pa L ndi pa R, azimitse, ndipo andiimbire foni pomwepo, kaya ndi nthawi yanji. Asadikire kuti itenthe. Pa ndege yomwe ilibe geji, ndinawaonetsa kuti ukazimitsa pasanathe theka la mphindi, ukhoza kuyandikiza dzanja pa mapaipi a ekizozi n'kumva yomwe yatsala yozizira.

Zotsatira

Patatha miyezi isanu ndi itatu, pa maola 400 chikonzereni, ndinayezanso mavavu onse anayi. Onse anali m'malire, ndipo silinda 1 ndi 4 zinali pafupifupi pomwe ndinazisiya. Mapulagi apansi amakhalabe ndi mtovu, koma wochepa, moti amafika maola 100 osavuta. M'mabuku a sukulu, mafuta omwe ndegeyi imamwa anatsika ndi malita pafupifupi asanu pa ola. Kuyeza kwa 388C tsopano kuli pa ndandanda ya ndege zonse zitatu za sukuluyi.

Ndege yachiwiri, ya injini yofanana, inali itakonzedwa kuti ndiiyeze pa nthawi ya maola 100 yotsatira, ndipo inatsala ndi maola 30. M'mawa wina isanakwane 6 koloko, wophunzira yemwe anaiwala mixture uja anandiimbira foni. Anati injini yanjenjemera, kiyi sinasinthe kanthu, wazimitsa pasanathe theka la mphindi, ndipo paipi yakutsogolo kumanja ndi yozizira. Ndinafika injini isanatenthe. Nditazungulitsa pulopela ndi dzanja, magineto ali ozima, masilinda atatu anandikankha, imodzi inangodutsa ikupumira ku ekizozi. Vavu ya utsi ya silinda 1 inali itatsalira yotseguka pang'ono. Pushrod inali yowongoka, ndipo borescope sinaonetse bala pa pisitoni. Ndinapala gayidiyo, ndinayeza zitatu zinazo n'kupalanso ya silinda 2, ndipo ndegeyo inauluka mawa lake masana.